Mgodi wakale si dzenje wamba

Akulu, mwafunsa kuti mgodi wa golide woti unakumbidwa kalekale, chingaonongeke n'chiyani kampani ikautsegulanso, nanga kafukufuku wa zinthu zakale amene amayamba wachitika uja ndi wantchito yanji. Chimene chimaonongeka ndi mgodi weniweniwo, ndipo chimayamba kuonongeka golide asanatuluke ngakhale pang'ono.

Migodi yambiri ikasiyidwa imadzaza madzi. Madzi amenewo ndiwo amasunga mitengo yochirikiza denga, makwerero, zingwe ndi zikopa, chifukwa mpweya sufikako. Tsiku limene ayamba kupopa madziwo, thabwa limene lakhala zaka mazanamazana lili lolimba limauma, kung'aluka, n'kufumbutuka. Ku Dolaucothi, ku Wales, anthu atalowanso mumgodi wa Aroma m'zaka za m'ma 1930 anapeza chidutswa cha gudumu lamatabwa lotungira madzi. Chinthu ngati chimenecho chimafuna katswiri akhale pomwepo madzi akamatsika, osati abwere patatha mwezi.

Kenako pali kukulitsa njira. Akale ankasema njira yopapatiza, yongokwana munthu atawerama. Pakhoma mumaona mikwingwirima ya tchizulo, mwaye wa moto umene ankasonkha kuti thanthwe lisweke, ndi kabowo koikapo nyale. Makina a masiku ano sangadutse pamenepo, ndiye amaphulitsa makomawo. Mbiri yonse ili pakhoma, khomalo ndilo loyamba kugwa. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa anthu amene ankagwira ntchitoyi sanasiye mabuku, anasiya zizindikiro za manja awo basi.

Taonani za ku Roșia Montană, ku Romania. Kumeneko kuli njira zapansi za Aroma zotalika makilomita angapo, ndipo m'menemo munapezeka timatabwa topaka phula tolembedwapo mapangano a ntchito, kakale kwambiri kali ka chaka cha 131. Kampani ya Gabriel Resources inkafuna kukumba kuchokera pamwamba, kugumula mapiri anayi. Mu 2013 anthu anachita zionetsero zokana zimenezi m'mizinda ya dzikolo, ndipo mu 2021 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inaika malowa pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Ndiye kafukufuku wabwino amatani? Bungwe la ICOMOS, loona zoteteza malo ndi zomanga zakale, linatulutsa malangizo ake a kafukufuku wotere mu 2011, ndipo mu 2022 linawakonzanso pamodzi ndi UNESCO ndi mabungwe ena awiri, ICCROM loona zosamalira zinthu zakale ndi IUCN loona zachilengedwe. Mfundo yake ndi yoti muyambe mwadziwa chimene chikupangitsa malowo kukhala ofunika, muone chimene ntchitoyo ichite pa chinthu chilichonse, kenako mufune njira yopewera musanakambe zochepetsa chionongeko. Nthawi zina kupewako n'kotheka ndithu: kuboola njira yatsopano yolowera pambali, n'kusiya zakalezo osazigwira. Pamwamba napo pamafunika kuona, monga milu ya miyala, ngalande, mabwinja a nyumba za antchito ndi manda. Ndipo anthu okhala pafupi afunsidwe, poti ena ali ndi makolo amene anafera pansipo osatulutsidwa.

Chimene ine ndimakana ndi lipoti lolembedwa ndi munthu amene sanatsikeko, wangowerenga mapu mu ofesi. Kujambula njirazo ndi makina a laser n'kwabwino, koma chithunzi sichilowa m'malo mwa thanthwe. Mukaliona lipotilo, yang'anani tsiku limene linalembedwa ndi tsiku limene anayamba kupopa madzi, muone chimene chinayamba.