Mawondo ndi shuga: kodi zimadziwana?

Amayi ena ogulitsa tomato pamsika wa Kapata kuno ku Chipata anditumizira imelo. Akuti mawondo anayamba kuwawa kalekale, makamaka potsika minibasi, ndipo chaka chatha anawapeza ndi shuga. Funso lawo ndi lakuti: kodi metformin, mankhwala a shuga amene akumwa, ndi amene akudya mawondowo?

Ayi amayi, metformin musamunamizire, pitirizani kumwa. Koma simunalakwe kukayikira kuti matenda awiriwa amadziwana. Kawirikawiri amaphukira pa chitsa chimodzi.

Nsima mukadya imasanduka shuga m'magazi. Kapamba amatulutsa insulin, amene amagogoda pa minofu kuti itsegule, shugayo alowe. Kwa ena, makamaka amene mafuta aunjikana pamimba, minofu imayamba kugontha. Kapamba amawonjezera insulin, zaka n'kumapita, mpaka amatopa, shuga wa mtundu wachiwiri n'kuonekera. Kugontha kumeneku madokotala amati insulin resistance. Ena khosi limada kumbuyo, ngati litsiro losachoka ngakhale mukhule ndi mwala.

Tsopano mawondo. Kumapeto kwa fupa kuli kachicherewecherewe koterera, konga kaja timatafuna pa mwendo wa nkhuku. Kakamaperepeseka, ndiyo nyamakazi ya osteoarthritis. Kale tinkangoti ndi ukalamba komanso kulemera kwa thupi. Kulemerako n'koonadi: mukataya kilo imodzi, bondo limapepukidwa ndi makilo pafupifupi 4 nthawi iliyonse mukaponda pansi. Nanga zala za m'manja? Palibe amayendera zala, komabe nyamakaziyi imagwira zala za anthu onenepa kuposa za owonda.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mafuta a pamimba sangokhala phee. Amathira m'magazi timadzi toyambitsa kutupa, monga leptin ndi TNF. Timadzi tomwe timagonthetsa minofu ndi tomwenso timakalowa m'mfundo n'kumadya kachicherewecherewe kaja. Shuga akachuluka naye amamatirira ku collagen, ulusi umene umalimbitsa mfundo, n'kuuumitsa ngati mphira wokhalitsa padzuwa. Ndipo insulin, amene amathandiza kuziziritsa kutupa m'kati mwa bondo, uko nako samvekanso.

Chimene chimandidandaulitsa ine ndi ichi: bondo likawawa, munthu amakhala pansi. Inu mumakhala kale pa benchi kuyambira m'mawa. Koma ntchafu ndizo zimameza shuga wambiri, ndiponso ndizo zimachirikiza bondo. Zikafooka, shuga amakwera, bondo n'kuwawa kuposa dzana.

Choncho yendani, amayi, ngakhale pang'onopang'ono. Bungwe la WHO limati mphindi 150 pa sabata. Kukwera phiri la Kanjala ayi, yambani ndi pachidikha. Njinga ndiyo yabwino koposa popeza siunjika thupi lonse pa bondo, ndipo kuno njinga sitisowa, kungoti tinazolowera kukhala pa kaliya wina akutipalasira. Mitanda ya nsima chepetsani, ikhale ya mgaiwa, chiwawa (masamba a maungu) ndi nyemba zichuluke m'mbale. Thobwa lothira shuga lisiyeni kaye.

Chenjerani ndi brufen ndi diclofenac ogula pakantemba. Munthu wa shuga akamawamwa tsiku ndi tsiku amavulaza impso, zomwe shugayo akuzilimbana nazo kale. Ndipo akadzafuna kukubayani jakisoni wa steroid (woziziritsa kutupa) m'bondo, auzeni a dokotala kuti muli ndi shuga, chifukwa jakisoniyo amamukweza kwa masiku angapo.