Abwana akuti palibe bajeti ya za nyengo: ndiyambire pati?

Kalata ya ulendo uno yachokera kwa mayi wina amene ndi kalaliki mu ofesi ya zachuma pa kampani ina yogulitsa katundu ku Blantyre. Apempha kuti dzina lawo ndi la kampani zisatchulidwe. Mwachidule alemba kuti: "M'bale wanga nyumba yake inapita ndi madzi ku Chilobwe nthawi ya namondwe Freddy, ndipo kuyambira pamenepo nkhani ya kusintha kwa nyengo simandichoka mumtima. Ndinapempha abwana kuti kampani igule mbande tikadzale mitengo, koma anangoti palibe bajeti. Anzanga tsopano amanditcha Mayi Chilengedwe mondinyogodola. Ine ndine wamng'ono pa ntchito. Kodi wantchito wamba angatani kuti malo ake a ntchito ayambe kuchitapo kanthu?"

Achemwali, pepani ndi zimene zinagwera m'bale wanu. Koma mundilole ndinene chimene mwina simukuchiyembekezera: abwana anu sanalakwitse kwenikweni. Munapita kwa iwo kukapempha kuti atulutse ndalama, m'nyengo imene kampani iliyonse ikulira ndi kusowa kwa ndalama zakunja, kukwera mtengo kwa mafuta komanso kwacha imene inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu amene mutu uli pa malipiro a kumapeto kwa mwezi samva za mbande. Fodya wake ndi uyo ali pamphuno. Bwererani kwa iwo ndi nkhani ya ndalama zimene kampani ikutaya kale, ndipo muona kuti makutu omwe aja atseguka. Mwayi wanu ndi woti mumakhala mu ofesi ya zachuma. Malisiti a dizilo, a mayunitsi a magetsi, a madzi ndi a nkhuni amadutsa m'manja mwanu, ndipo ndi inu nokha amene mungawaike pamodzi.

Tisanapite patali, tiyeni tigwirizane za kumene utsi ukuchokera, chifukwa malangizo ambiri amene mumawaona pa intaneti analembedwera anthu a ku Britain kapena ku Joni. Ku South Africa magetsi ambiri amachokera ku malasha, kotero kuzimitsa babu kumeneko ndi kuchepetsa utsi mwachindunji. Kwathu kuno magetsi ambiri amene ESCOM imatigulitsa amapangidwa ndi madzi a mu Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kuphatikizapo a dzuwa ochokera ku Salima ndi ku Golomoti. Ndi magetsi oyera ndithu. Utsi wa pa ntchito panu uli kwina: mu jenereta imene imalira kuseri magetsi akathima, m'galimoto za kampani, ndi pa moto umene amaphikira nsima ya antchito. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa mpweya wa kaboni wopitirira pang'ono makilogalamu awiri ndi theka. Diramu ya malita 200 ndiye kuti ndi makilogalamu opitirira 500. Ndi pamenepo poyambira.

Tengani malisiti a miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, mulembe pa pepala limodzi: mwezi uliwonse dizilo wa jenereta malita angati, wa galimoto angati, mayunitsi angati, madzi ndalama zingati. Musaonjezepo ulaliki uliwonse. Kenako pitani kwa anthu amene amadziwa kumene zinthuzi zikupita, ndipo anthuwo si a m'maofesi a pamwamba ayi. Alonda ndi amene amadziwa maofesi amene aircon imagona ikulira usiku wonse, ndi mpopi umene umadontha kuseri kwa chimbudzi. Adalaivala amadziwa kuti galimoto ziwiri zinapita ku Limbe tsiku limodzi, ina itanyamula envulopu imodzi yokha. Amayi okonza m'maofesi amadziwa mapepala amene amadzaza bini tsiku ndi tsiku. Anthu amenewa nthawi zambiri sanafunsidwepo maganizo ndi wina aliyense. Afikireni mwaulemu, muwauze poyera kuti simukufufuza wolakwa, chifukwa akangoganiza kuti mwatumidwa kudzagwira akuba mafuta, pakamwa patsekeka ndipo mupeza adani amene simunawafune.

Ndikupatseni chitsanzo cha masamu amene abwana amamva. Tiyerekeze kuti pa mpanda wa kampani pali mababu 20 akale a mawati 60, oyaka maola 12 usiku uliwonse. Amadya mayunitsi 14.4 pa usiku, omwe ndi 432 pa mwezi. Mababu a LED a mawati 9 amawala chimodzimodzi koma angadye mayunitsi pafupifupi 65 pa mwezi. Chulukitsani kusiyanako ndi mtengo wa yunitsi umene uli pa lisiti lanu, muyerekeze ndi mtengo wa mababu 20, ndipo mupeza nokha miyezi imene ndalamayo ibwerere. Mwina mufunsa kuti, nanga si mwanena kuti magetsi athu ndi oyera? Inde, koma kampani imene yachepetsa magetsi amene imadya ndi imene ingathe kuyendetsa makompyuta, mababu ndi intaneti pa sola ndi mabatire magetsi akathima, m'malo moyatsa jenereta yaikulu chifukwa cha ma laputopu khumi. Sola imadula pogula, ndipo musayambe ndi kuitchula. Idzitchula yokha tsiku limene abwana adzaone ndalama ya dizilo ya chaka chonse italembedwa pa mzere umodzi.

Ngati kampani yanu imaphikira antchito, kapena pali amayi amene anapatsidwa malo ophikira pa geti, pitani mukaone chimene chikuyaka pansi pa mphika. Kumeneko ndi kumene nkhani ya nyengo ya dziko lino yagona. Mabanja opitirira asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo makala ambiri amene amalowa m'mizinda ndi ootchedwa popanda chilolezo. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera, yakhala ikudyedwa ndi makala mpaka boma linafika potumizako asilikali. Ku Blantyre simukufunika kuuzidwa. Ingokwezani maso muone phiri la Ndirande ndi la Soche. Phiri likakhala lopanda mitengo, mvula imakokolola dothi kupita nalo mu Shire, matope ndi zinyalala zimatsamwitsa makina a EGENCO, kampani yopanga magetsi, magetsi amathima, anthu amagula makala ambiri, ndipo mitengo ina imagwa. Khitchini ya pa kampani ikachoka pa mafuwa atatu n'kupita pa mbaula yomangidwa yosunga moto, kapena pa gasi, kapena pa mabriketi, yachita chinthu chachikulu kuposa tsiku lodzala mitengo lokhala ndi matisheti. Pali njira inanso imene sindiiona kawirikawiri koma ndi yosavuta: kampani kugulira antchito masilinda a gasi kapena timasola ta kunyumba pa ngongole yodula pa malipiro pang'onopang'ono. Makampani ena amachita kale zotere pa njinga kapena pa feteleza. Chimene chimalepheretsa anthu kuchoka pa makala si kusadziwa ayi, ndi ndalama yoyambira.

Pali nkhani imodzi imene ndikuchenjezeni kuti muyende nayo mosamala: misonkhano yochitikira kutali. Tonse tikudziwa kuti zokambirana zimene zikanatha m'chipinda cha pa ofesi zimanyamulidwa kupita ku Mangochi, ku Salima kapena ku Mponela, galimoto zisanu pamsewu, chifukwa cha alawansi. Ndi mafuta ochuluka otayika. Koma alawansi imeneyo ndi imene ena amalipirira fizi ya ana, ndipo kalaliki amene angaime pa msonkhano n'kunena kuti maulendowa athe, adzadya yekha nkhomaliro mpaka kupuma ntchito. Musayambire pamenepo. Chimene munganene popanda kuponda munthu ndi chakuti opita ulendo umodzi akwere basi imodzi, ndiponso kuti maulendo a m'tauni aziikidwa pamodzi, galimoto izinyamuka pa nthawi yodziwika m'mawa ndi masana.

Tsopano mbali imene olemba ambiri amaiiwala, koma kwa ife ndi theka la nkhani yonse. Utsi umene Malawi amatulutsa ndi wochepetsetsa poyerekeza ndi wa maiko olemera, koma mikwingwirima ndi yathu. Namondwe Idai mu 2019. Namondwe Ana mu Januwale 2022, amene anagumula damu la Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, dziko n'kukhala mu mdima wosinthana kwa nthawi yopitirira chaka. Namondwe Gombe patangopita milungu yochepa. Freddy mu Malichi 2023, amene anatenga miyoyo yopitirira 1,000. Kenako ng'amba ya 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Choncho kuchitapo kanthu pa ntchito kukutanthauzanso kufunsa mafunso awa: nthambi yoona za nyengo ikachenjeza za namondwe, ndani pa kampani pano amalamula kuti anthu aweruke msanga kapena asabwere? Kodi tikudziwa antchito amene amakhala m'mphepete mwa mtsinje kapena m'munsi mwa phiri, ndipo tili ndi manambala awo? Katundu wa mu nyumba yosungiramo ali pansi kapena pa mathandala? Ngalande za kuseri zinatsukidwa dzinja lisanafike? Mafayilo a kampani ali ndi kope kwina? M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, anyamata onyamula katundu padzuwa ali ndi madzi akumwa ndi mthunzi wopumirapo? Palibe bwana amene anali ku Blantyre mu Malichi 2023 amene angaseke mafunso amenewa. Ndipo safuna bajeti. Amafuna pepala limodzi ndi gulu la pa WhatsApp.

Za anzanu okusekaniwo, musataye nawo nthawi, komanso musawalalikire. Palibe amene amakonda mnzake womuwerengera mapepala amene wasindikiza. Pezani awiri kapena atatu okha, ndipo pakhale mmodzi wa ku ofesi yogula katundu, chifukwa iye ndi amene amasankha babu, pepala, majumbo ndi wogulitsa nkhuni. Musathamangire kupanga komiti yatsopano yokhala ndi wapampando ndi msungichuma; izi zimafa msonkhano wachiwiri usanachitike, anthu akangozindikira kuti mulibe alawansi. Ngati pali kale komiti ya chitetezo ndi umoyo pa ntchito, kapena ya chisamaliro cha antchito imene imasonkhetsa za maliro, kapena nthambi ya bungwe la apantchito, pemphani mphindi khumi pa msonkhano wawo. Ndipo dutsani kwa amene ali pamwamba panu mwachindunji, musawalumphe. Apatseni pepala lija, muwalole akalipereke okha kwa akuluakulu ngati akufuna. Likakayenda bwino, mwina dzina lotchulidwa lidzakhala lawo. Zimawawa, koma mababu adzakhala atasinthidwa.

Pali zinthu zina zimene si nkhani yopempha chifundo, chifukwa ndi lamulo. Majumbo opyapyala osafika mamaikironi 60 analetsedwa mu 2015, ndipo ngakhale makampani opanga mapulasitiki analimbana ndi lamuloli m'makhoti kwa zaka zambiri, khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2019 kuti chiletsocho chili m'malo. Kuyambira 2018 pali malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi za malonda, kotero kampani yanu ikamamanga mpanda kapena nyumba yosungiramo katundu, mabuloko a simenti si nkhani ya kukonda kwa munthu. Pa zotere, chiganizo chimodzi chonenedwa modekha, chakuti tingadzalipitsidwe chindapusa, chimagwira ntchito kuposa ulaliki. Ngati mukuona zoopsa zenizeni, monga oyilo wakutha kapena madzi a mankhwala akutayidwa mu ngalande yopita ku mtsinje wa Mudi, kumeneko kuli bungwe loteteza chilengedwe la MEPA ndi khonsolo ya mzinda. Koma yambani mwanena m'kati, molemba, ndipo musunge kope lanu.

Nanga mitengo ija? Sindikuikana. Dziko lino linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030, ndipo nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo chaka chilichonse. Chimene ndimadana nacho ndi mwambo uja wa makampani: matisheti, makasu atsopano, chithunzi pa Facebook, mbande zikwizikwi zoikidwa m'nthaka kumapeto kwa dzinja, kenako palibe wobwererako. Pofika Okutobala mbuzi, chiswe ndi moto wolusa zamaliza zonse, ndipo chaka chotsatira gulu lomwelo likudzala pa malo omwewo. Mukadzafika pa mitengo, pemphani kuti ndalama yake ichoke pa zimene mwapulumutsa pa dizilo, kuti pasakhalenso wonena za bajeti. Dzalani yochepa, pa malo amene ali ndi mwini: sukulu ya pafupi, mpingo, kapena komiti ya m'mudzi yosamalira zachilengedwe, mogwirizana ndi a ofesi ya zankhalango pa boma. Dzalani mvula ikangokhazikika, mu Disembala kapena Januwale. Sakanizani ya zipatso monga mango ndi mapeyala, imene anthu amaiteteza okha, ndi yachilengedwe monga mbawa ndi mthethe, ndipo m'mphepete mwa mtsinje muikemo nsungwi. M'bajeti muikemo ndalama ya wopalira, wothirira m'chilimwe ndi wolambula njira yotchinga moto kwa zaka ziwiri. M'malo ena simufunikanso mbande n'komwe: zitsa zikatetezedwa ku moto ndi nkhwangwa zimaphukira zokha, ndipo zimakula msanga kuposa zodzala chifukwa mizu ilipo kale. Lipoti lopita kwa abwana lidzalembedwe mu Novembala, ndipo nambala yolembedwamo ikhale ya mitengo imene ili moyo.