Kodi anthu a mu Blantyre angagwetse chiganizo cha khonsolo pa riferendamu?

Mayi wina wogulitsa kaunjika mu msika wa Ndirande watilembera imelo. Akufunsa kuti khonsolo ikakweza ndalama ya chiphaso cha msika kapena ikaganiza zowasamutsa, kodi palibe njira yoti anthu avote ngati mu 1993, pomwe tinasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, n'kuikaniza?

Mayi, pakadali pano njira imeneyo palibe. Ndime 89 ya malamulo aakulu a dziko lino imapereka mphamvu yoitanitsa riferendamu kwa mtsogoleri wa dziko. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 silipatsa anthu a m'wodi mphamvu yogwetsa ndi voti zomwe makhansala agwirizana. Mutha kukasiya chikalata cha madandaulo ku Civic Centre ku Chichiri, kapena kupita ku khothi ngati khonsolo yalumpha lamulo, koma chikalata sichimanga khonsolo manja. Pakufunika lamulo latsopano lochokera ku Nyumba ya Malamulo, ndipo ife tikuona kuti n'loyenera. Mzinda uno unakhala wopanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, ndipo anthu anazolowera kungouzidwa.

Komwe lamulo lotere lilipo, monga ku Bavaria m'dziko la Germany kuyambira 1995, limayenda motere. Anthu amalemba funso loyankhika ndi "inde" kapena "ayi", n'kusonkhanitsa masiginecha. Mu mzinda wa anthu oposa 500,000 pamafunika ovota 3 pa 100 aliwonse. Pempholo likatsimikizidwa kuti lili m'malamulo, voti imachitika pasanathe miyezi itatu, ndipo zotsatira zake zimamanga khonsolo kwa chaka chimodzi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mu Blantyre, choncho tikanakhala m'gulu lomwelo.

Pomwe zinthu zimasokonekera kwambiri ndi pa masiginecha. Tangoganizani pepala lazungulira mabenchi onse a mu msika, lanyowa ndi mvula, ena adinda chala, ena alemba dzina lomwe sali nalo pa chiphaso cha unzika, winanso wasainira mwamuna wake yemwe ali ku Joni. Pepala lotero limakanidwa mosavuta. Mzere uliwonse uyenera kukhala ndi dzina, nambala ya chiphaso, wodi ndi tsiku, ndipo funso lisindikizidwe pamwamba pa tsamba lililonse kuti wina asadzanene kuti anasainira zina. Wowerenga masiginecha asakhale khonsolo yomwe mukuitsutsayo. Ntchitoyo iyenera kukhala ya MEC, bungwe loyendetsa zisankho, chifukwa ndiyo imasunga kaundula wa ovota. Apa pali vuto lina: wogulitsa mu Limbe koma analembetsa kwawo ku Thyolo sangavote, ngakhale chiphaso cha msika amalipira tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri ndi chiwerengero cha ovota. Popanda malire, anthu ochepa a ku Namiwawa ndi Sunnyside atha kukana kukweza maleti (msonkho wa nyumba ndi malo), zinyalala n'kumaunjikana ku Bangwe ndi Mbayani. Ku Bavaria, m'mizinda ya anthu oposa 100,000, mbali yopambana iyenera kufika ovota 10 pa 100 aliwonse olembetsa. Malire akakwera kwambiri, amene akuopa kugonja amangouza anthu awo kuti asapite kukavota, voti n'kufa.

Dziwaninso kuti si nkhani iliyonse ingalowe. Bajeti yonse ya khonsolo savotera, ngakhale ku Bavaria, chifukwa malipiro a antchito ndi mafuta a galimoto zotola zinyalala sangadikire. Madzi ndi a Blantyre Water Board, magetsi ndi a ESCOM, ndiye voti ya khonsolo singawakhudze. Kusamutsa msika, kugulitsa malo a mzinda ndi kusintha bwalo la masewero kukhala mashopu ndizo nkhani zoyenera.

Ndipo phungu wanu akadzabweretsa bilu yotere, mudzayang'ane ndime imodzi. Malamulo omwe khonsolo imapanga amadutsa kwa nduna ya maboma ang'onoang'ono kuti iwavomereze. Ngati biluyo sidzanena poyera kuti nduna singasinthe zomwe anthu avotera, mudzaima pa mzere tsiku lonse, benchi lanu la kaunjika lili lotseka, chiganizo chomaliza n'kukapangidwabe ku Capital Hill.