Kaundula wa odwala sitiroko: tiyambire pati?

Funso: Adokotala, ndine namwino pachipatala chaching'ono cha kumudzi ku Mulanje. Odwala sitiroko akatuluka kuchipatala chachikulu amabwera kwathu kamodzi kapena kawiri, kenako zii, mpaka timve kuti yawagwiranso. Atiuza kuti tiyambe kaundula, koma kompyuta tilibe. Kodi uku si kungotichulutsira zolemba?

Yankho: Anamwino, zingakhale zolemba chabe ngati mukufuna kungodziwa kuchuluka kwa odwala. Ntchito yeniyeni ya kaundula ndi kukuonetsani amene sanabwere. Buku la kuchipatala limapita kunyumba ndi mwini wake, ndiye akasowa, inu mulibe potengera.

Hadikava imodzi ikukwanira. Mayina oyamba muwapeza kwa anthu obwera kudzatenga mankhwala a BP ndi a shuga, ndi kwa alangizi a zaumoyo, amene amadziwa makomo omwe muli munthu wofa ziwalo mbali imodzi. Musalumphe kukiliniki ya ma ARV: kafukufuku wa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre anaonetsa kuti HIV imachititsa sitiroko kwambiri pakati pa achinyamata, makamaka m'miyezi 6 yoyamba munthu atayamba mankhwala.

Amene ine ndimawaumirira ndi aja amati pakamwa panapindika, kapena dzanja linachita dzanzi, lilime n'kulemera, koma zinatha zokha tsiku lomwelo. Ambiri amati kunali kutopa. Alembeni, chifukwa sitiroko yaikulu imakonda kubwera posachedwa pambuyo pake. Ngakhale ku Britain, komwe mu 2004 madokotala a m'madera anayamba kulipidwa posunga kaundula wotere, anthu amenewa amawalembamo.

Munthu aliyense mzere wake: dzina, zaka, mudzi ndi mfumu yake, foni ya womusamalira, tsiku limene anadwala, BP, mankhwala, ndi tsiku lobweranso. Ngati anajambulidwa m'mutu, lembani ngati mtsempha unatsekeka kapena unaphulika, poti asipirini amathandiza woyambayo koma angamupweteke wachiwiriyo. Mukachulutsa zoti zilembedwe pamzerewo, mwezi wachitatu palibe adzalembe.

Bukulo lisakhale la aliyense. Likhale m'manja mwa munthu mmodzi, lizitsekeredwa, chifukwa muli zinsinsi za anthu. Mwezi ukatha, mwini buku atenge bolopeni yofiira, achonge onse amene tsiku lawo lapitirira, mayinawo apereke kwa mlangizi wa m'mudzimo kuti akawaone.