Ova-ova m'galimoto: kuyankha achimwene a ku Luchenza

Imelo imene yandikhazika pansi lero yachokera kwa achimwene ena a ku Luchenza. Ali ndi malole awiri ndi kapikiapu, ndipo atopa ndi kuimbira madalaivala awo n'kumangouzidwa kuti nambalayo sikupezeka. Alamu awo a ku Johannesburg akuti angathe kuwatumizira wailesi zolankhulirana za m'galimoto, zija timati ova-ova, pamtengo wabwino. Akufunsa kuti zimamangidwa bwanji, nanga pepala la boma n'lofunikadi pa "kanthu kongolankhulira ndi anyamata ako".

Achimwene, mawu omalizawo andilasa, chifukwa ndi anga enieni. Ndinawanenapo ine ndemwe pa Chitakale, manja ali m'thumba, ndikudziona wochenjera.

Panthawiyo ndinali ndi lole imodzi ndi pikiapu yokalamba imene kukazizira inkadzuka mochita kukankha. Ndinkatuta zinanazi m'midzi ya m'munsi mwa phiri kupita nazo ku Limbe, nthawi zina masamba a tiyi a alimi ang'onoang'ono, nthawi zina mchenga, chilichonse chimene chabwera ndi ndalama. Amene anayendapo m'timisewu ta m'minda ya tiyi akudziwa mmene zimakhalira: pachitunda foni ili bwinobwino, ukangotsetserekera kumtsinje yasanduka tochi. Tsiku lina la chiperoni lole inatitimira m'matope cha kumadzulo. Dalaivala anagona momwemo kulondera katundu, ine kunyumba ndikuimba foni usiku wonse, mtima ukundiuza kuti munthuyu wathawa ndi zinanazi zanga. Mmene ankafika m'mawa, matope mpaka m'mawondo, akunjenjemera ndi chisanu, n'kuti ine nditamunena kale kwa mayi a kunyumba ndi kwa aneba kuti ndi wakuba. Sindinathe kumuyang'ana kumaso. Manyazi amenewo ndiwo anandikweza minibasi ya ku Limbe kukasaka ova-ova.

Wogulitsa anali munthu wa pakamwa pokoma. Anandipatsa ziwiri za m'galimoto ndi ziwiri zam'manja, nati zonse anazikonza kale, matchanelo alimo, n'kungoyatsa basi. Matchanelowo anali a ndani, sindinafunse. Safunsa anadya phula.

Phula loyamba ndinalidya tsiku lomwelo. Lole yanga ili ndi mabatire awiri olumikizana, kutanthauza 24V, pamene wailesiyo imafuna 12V. Mnyamata amene ankandikonzera magetsi a galimoto anangogwira mawaya n'kulumikiza. Tinamva kaphokoso kakang'ono, kenako fungo la pulasitiki yopsa, basi ndalama zapita. Nditagula ina, anati tsopano wachenjera, atenga moto pa batire imodzi yokha. Wailesi inayakadi, koma patapita miyezi ingapo batire imeneyo inayamba kufooka kusiya inzake, mpaka lole kumakana kudzuka m'mawa. Mabatire awiri aja amayenera kutha mofanana ndi kudzaza mofanana, ukamakama imodzi yokha umaipha. Kabokosi kotsitsa moto kuchoka pa 24V kufika pa 12V, kamene amati converter, n'kotsika mtengo kuposa batire. Ndinadziwa zimenezi nditagula kale batire.

Koma zimenezo n'zandalama chabe. Chimene chimandisowetsabe mtendere ndi china.

Kwa milungu ingapo tinasangalala nazo kwambiri. Tinasankha tchanelo 3 chifukwa ndi imene inkamveka bwino. Nthawi zina tinkamva mawu a anthu ena patalipatali akuitanana ndi manambala, ife n'kumaseka, dalaivala wanga mpaka kumawayeserera. Usiku wina akuchokera ku Thyolo anayamba kundifotokozera mpira umene anamvera masana, chigoli ndi chigoli, chala chili pa batani osachotsa. Munthuyu akayamba nkhani ya mpira sapuma. Atasiya batani kuti ameze malovu, panabuka mawu a munthu wolusa, akuchita kukuwa: amene muli pa tchanelo ino chokanipo, mnzathu wavulala, tikuitana galimoto. Anali alonda a pa esiteti ina. Nthawi yonse imene ife timakamba za penate, iwo amayesa kuitana thandizo.

Apa mumvetse mmene zida izi zimagwirira ntchito, chifukwa si foni ayi. Pa foni anthu awiri mukhoza kulankhula nthawi imodzi, ngakhale kukangana kumene. Pa ova-ova ukadina batani khutu lako latsekeka, sumva aliyense mpaka utalisiya. Ndipo awiri akadina limodzi pa fulikwensi imodzi, wamphamvu amameza mnzake. Ya m'lole yanga inkatulutsa mawatsi 25, ili ndi eriyo pamwamba pa denga. Zam'manja ngati za alonda nthawi zambiri zimathera pa mawatsi 5. Mlonda uja akanakuwa mpaka kusasa mawu, kumene amaitanako kunkangomveka mpira.

Kundipeza sikunavute, popeza dalaivala wanga ankatchula dzina langa ndi pamene lole ili tsiku lililonse. Mkulu wa alondawo anabwera kunyumba patapita masiku awiri. Ndinakonzeka kutukwanidwa, koma bambo aja anakhala pampando, analandira madzi akumwa, anandiuza kuti wovulalayo ali kuchipatala ndipo akupezako bwino, kenako anatulutsa pepala m'chikwama n'kundionetsa fulikwensi yawo italembedwa pamenepo, ndi chidindo. Anangofunsa kuti, "Nanga lanu lili kuti, bambo?" Akanandimenya mbama zikanakhala bwino.

Ndiye mukandifunsa ngati pepalalo n'lofunika, ine sindikuyankhani mozungulira. N'lofunika, ndipo amene amagulitsa zida izi atalowetsamo kale matchanelo a eni ake, osamuuza wogula, ndi anthu oipa mtima. Ndanena. Ndikudziwa kuti ambiri a ife tikamva mawu oti laisensi timaganiza kuti ndi njira ina yotidyera, ndipo inenso polipira ndimang'ung'udza ngati wina aliyense. Koma taganizani za dimba la kudambo. Aliyense atati azingofika ndi khasu n'kulima pamene wakonda, popanda mfumu yoloza malire, kukanakhala zikwanje tsiku ndi tsiku. Mlengalenga namonso muli malire, kungoti saoneka. Ndege zotera pa Chileka zimalankhula ndi nsanja pakati pa 118 ndi 137 MHz. Zombo zili ndi tchanelo 16, pa 156.8 MHz, yoitanirapo pa ngozi. Apolisi, ma ambulansi, makampani a alonda, aliyense ali ndi kachigawo kake. Tsono tiwailesi totchipa tambiri, monga ta Baofeng timene tadzaza m'misika, timalola munthu kungolemba nambala iliyonse kuyambira 136 mpaka 174 MHz, ndiponso kuyambira 400 kupita m'mwamba, n'kuyamba kulankhula. Mwana wa Fomu 2 akhoza kulowa m'dimba la aliyense ndi zala ziwiri.

Ndipo musanyengedwe ndi zolembedwa pa katoni. Akalemba kuti sichifuna laisensi, akunena malamulo a dziko limene katoniyo inapangidwira. Kuno amene ali ndi mawu ndi a MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mawailesi ndi mafoni. Bodza lina la pa katoni ndi la mtunda. Mudzaona atalemba makilomita ochuluka zedi, ndipo mwina n'zoona mutaima pa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, mamita 3,002 m'mwamba, mnzanu ali poyera kuchigwa. Mafunde amenewa amayenda ngati maso, chimene chatchinga maso chimawatchinganso. Imani pa Chitakale muyese kuitana munthu amene ali ku Phalombe kuseri kwa phiri, muona kuti mwala sumva za mawatsi. Kwanu ku Thyolo ndiye zitunda ndi zigwa zokhazokha, lole ikatsikira cha ku Masambanjati kapena Thekerani musadabwe itasowa. N'chifukwa chake makampani akuluakulu amaika repeater pamalo okwera, chida cholandira mawu n'kuwaponyanso patali. Icho chimafuna mafulikwensi awiri, wina wolandirira wina wotumizira, ndipo chimalembedwanso pa laisensi. Kwa malole awiri ndi pikiapu ndingati yambani popanda repeater muone kaye pamene mukufika.

Kodi ndiye ndikukuletsani? Ayi ndithu. Mu March 2023, Namondwe Freddy atagwetsa mbali za mapiri, milatho itaduka, magetsi atazima, mafoni ambiri kuno anangokhala zii. Apo n'kuti ndili kale ndi pepala langa ndi fulikwensi yangayanga. Wailesi ya m'galimoto sidalira nsanja ya kampani ya mafoni, imangofuna batire ndi eriyo. Dalaivala yemwe uja, wampira uja, anali tsidya lina la mtsinje wodzaza, ndipo ndinamva mawu ake akundiuza kuti ali moyo, lole waiimika pamtunda, ndikauze akazi ake. Ndinayenda wapansi kukawauza. Tsiku limenelo sindinawerengere ndalama ya laisensi.

Chinthu china chimene ogulitsa sanena: pa ova-ova palibe chinsinsi. Timanambala tija amati privacy code timangopangitsa kuti inuyo musamve anthu ena, koma wina aliyense amene watchera pa fulikwensi yanu akukumvani bwinobwino. Anyamata anu asamanene kuti tagulitsa zonse, ndalama zili m'galimoto, tikudutsa pa Bvumbwe. Ameneyo akuitana akuba ndi pakamwa pake.

Za pepala

Ndatalikitsa, pepani. Yambani ndi MACRA musanagule kanthu. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la Communications Act la 1998, ndipo pano likuyendera la 2016, limene limafuna kuti wogwiritsa ntchito chida chotumiza mafunde a wailesi akhale ndi chilolezo. Auzeni kuti mukufuna laisensi ya wailesi zolankhulirana za bizinesi yanu. Konzekerani kunena kuti za m'galimoto ndi zingati, zam'manja zingati, ngati pakhala ina yokhazikika kunyumba kapena ku ofesi, dera limene mumayenda, mtundu wa zidazo ndi mphamvu yake. Funsani ngati mtundu umene mukufuna kugula uli wovomerezeka kuno, zimene amati type approval. Akakupatsani fulikwensi ndi pamene katswiri amailowetsa m'zida zonse ndi kompyuta, n'kufufuta zina zonse zimene zinabweramo. Laisensi imatha, muziikonzanso nthawi yake, ndipo fotokope yake izikhala m'galimoto iliyonse. Wina akakuuzani kuti ingotengani laisensi ya amateur, ija mayina ake oitanirana pa wailesi (ma call sign) kuno amayamba ndi 7Q, mukaneni. Imeneyo ndi ya anthu ochita zawailesi mongokonda, siyoyendetsera malonda.

Kumanga kwake

Moto utengedwe ku batire mwachindunji ndi waya wonenepa, fyuzi ikhale pafupi penipeni ndi batire, osati pa soketi ya ndudu ija. Wailesi ya mawatsi 50 imakoka ma amps opitirira 10 polankhula, soketi ndi timawaya take zimatentha. Pa malole converter, ndanena kale. Pobowola kuti waya alowe m'kabini ikanipo labala, chitsulo chimadya waya pang'onopang'ono mpaka tsiku la moto. Wailesiyo ikhale pamthunzi popita mphepo, osati pa dashibodi padzuwa, osatinso kutsogolo kwa airbag.

Ndalama zanu zambiri zipite ku eriyo. Malo ake abwino ndi pakati pa denga lachitsulo, chifukwa dengalo limagwira ntchito ngati theka lina la eriyoyo. Utali wake umatsata fulikwensi: cha pa 150 MHz eriyo wamba imakhala pafupifupi masentimita 50, cha pa 450 MHz pafupifupi 16. Womanga abwere ndi SWR meter, kachida koyezera ngati eriyo ikutulutsa bwino mphamvu ya wailesi, muone ndi maso anu kuti ikuwerenga pansi pa 1.5. Ikapitirira 2 asachoke, ndiye kuti mphamvu ina ikubwerera m'wailesi m'malo mopita kunja. Wopanda mita ameneyu ndi wongoyerekeza, m'bwezeni. Musadine batani eriyo isanalumikizidwe. Chingwe chake chisapanidwe ndi chitseko, ndipo polumikizira pamatidwe bwino, mvula ya kuno mukuidziwa, madzi akalowa m'chingwe mawu amayamba kuchepa osadziwa chifukwa. Eriyo za maginito n'zabwino poyesera, koma m'misewu yathu nthambi yoyamba ya bulugama imaichotsa.

Kumidzi ndi m'mapiri ine ndimakonda VHF (mafulikwensi a cha pa 150 MHz aja), UHF (a cha pa 450 MHz) imachita bwino m'tauni pakati pa nyumba. Madalaivala aphunzire kulankhula mwachidule, kumvetsera kaye asanadine, ndi kusiya maikolofoni pamene akulimbana ndi makona a ku Thyolo. Pothira mafuta asalankhulepo. Akaoloka pa Muloza kulowa Milange azimitse, pepala lanu lathera pamalire, uko kuli eni ake ena.

Alamu anu a ku Johannesburg muwauze asunge kaye ndalamazo mpaka mutadziwa kuti mwapatsidwa VHF kapena UHF. Wailesi zambiri za m'galimoto za Motorola, Kenwood, Icom kapena Hytera zimagwira mbali imodzi yokha, ndiye akatumiza ya UHF inu n'kupatsidwa VHF, idzangokhala pawindo ngati yanga yopsa ija, imene adzukulu anga amaseweretsa pochita zaupolisi.