Msuweni, za nyumba ku Germany zija

Eee msuweni, ndingojambula mawu, zala zakana kulemba, ku Chibavi kuno kwazizira. Funso lako ndaliona, lakuti munthu akapita kukagwira ntchito yodzipereka kumudzi ku Germany nyumba amaipeza bwanji. Hmm. Iwe ndimakudziwa. Nyumba si imene ikukusowetsa tulo. Chikukudya ndi kukakhala pakhomo pa eni, chifukwa cha zija za ku Area 25. Ndanama? Usayankhe, azakhali ali pagulu pompano.

Ndiye tamvera. Malume anga, bambo ako aakulu aja, paja anapitako ku Joni. Pa TEBA... ayi, pa Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito ya kumigodi TEBA isanabwere, chifukwa anabwerako isanagwe ndege yonyamula anthu a kumigodi ku Francistown, ku Botswana, mu 1974, Kamuzu n'kuletsa zopita kumigodi. Iwo zofuna nyumba kunalibe. Kungofika, komponi. Amuna okhaokha thithithi m'chipinda chimodzi, mabedi a simenti osanjikizana, bulangete lako ndi lomwelo. Akuti usiku woyamba anagona ndi nsapato kuphazi, ndalama m'sokosi, chifukwa pamwamba pawo panagona Msutu wina wamtali, wosaseka. Malume maso gwa mpaka kucha. Mawa lake Msutu uja n'kuwapatsa singano kuti asoke thumba mkati mwa buluku, akuti ndalama za m'sokosi zimanunkha. Ndi yemweyo anawaphunzitsa Fanakalo, chilankhulo cha kumigodi, ndi yemweyonso anawaperekeza kogula wailesi ija. Eya, wailesi yomwe ija, ya mlandu wa pamaliro. Tisaiyambe. Mpaka lero ukawafunsa za ku Joni, za golide sanena, amangoti Msutu wanga, Msutu wanga. Koma pena amawonjeza, akuti chimene chinkawapweteka si simenti, ndi kusowa chitseko choti atseke akafuna kukhala okha.

Ndinali pati... eya. Ngati ndi pulogalamu ya weltwärts imene unkanena ija, ya boma la Germany yotenga achinyamata odzipereka kwa chaka chimodzi, nyumba sufuna ndiwe. Bungwe lokulandira ndi limene limakupezera pogona, chakudya, ndi kandalama ka m'thumba. Ena amawaika kubanja, ena m'nyumba imodzi ndi achinyamata anzawo. Mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu anabwerako, iye anali kubanja, akuti chomuvuta chinali mayendedwe: kumudzi kumene ankakhalako basi imadutsa mwa apo ndi apo, Lamlungu masitolo otseka, kabaza kulibe, njinga upalasa wekha pachisanu. Komanso ukangofika umayenera kukalembetsa komwe ukukhala ku ofesi ya boma pasanathe masiku 14, ndipo mwini nyumba amasaina pepala lake. Ndiye zongogona kwa mnzako mwachibisira sizitheka.

Tsono iwe chochita n'chimodzi. Usanasaine kalikonse, afunse poyera a bungwewo: ndikakhala ndi ndani, chipinda n'changa ndekha kapena ayi, ndipo zikavuta ndi banjalo ndikauza ndani kuti andisamutse. Akuyankhe molemba. Si mwano umenewo, usachite manyazi ako aja ongoti chabwino, chabwino, kenako n'kumalirira ku bafa. Ku Area 25 kuja unalibe kothawira, uku kuli bungwe pakati.

Ndipo wina akakuuza kuti tumiza kaye ndalama tikusungire chipinda, ameneyo ndi wakuba, ngakhale atumize zithunzi zokongola bwanji. Achimwene ku Luwinga mwamva? Zosonkha za lendi palibe, bwezani chikwama m'thumba, ndikudziwa munayamba kale kudwala.

Mwachidule... ayi, ndibwereze, chifukwa iwe umamva ndi khutu limodzi. Funsa za chitseko chako, funsa woti ukamuuze zikavuta, zilembedwe usanakwere ndege ku Lilongwe. Wamva? Zilembedwe. Ndipo ukakakwatiwako ndi Mjeremani udziwe kuti mwamuna wako woyamba ndine, adzandilipira mbuzi. Chikalata chosainacho unditumizire kumbali ndichione madzulo ano.