Harness imodzi, anthu anayi, ndipo pokolowekapo palibe

Imelo imene ndalandira sabata yatha yandisowetsa mtendere. Yachokera kwa mnyamata wa ku Katete amene wangoyamba ntchito yoika masola pa madenga. Akuti abwana ake anagula harness imodzi (malamba ovala pathupi ogwira munthu akagwa) ya pa salaula yoti azibwerekana anthu anayi, ndipo iye akaivala akuluakulu a pa gulupo amamuseka, amati "ngati ukuopa ingomanga chingwe m'chiuno". Akufunsa ngati harness imeneyi ingamupulumutse ataterereka, kapena angomvera akuluakuluwo.

Mphwanga, ndikuyankha. Koma mawu akuti "ngati ukuopa" ndinawamvapo pa denga lina, akunenedwa kwa munthu amene sanali wamantha n'komwe, choncho undilole ndiyambire pamenepo.

Ukalipentala anandiphunzitsa ndi amalume anga. Kuno ku Chipata, nyumba zambiri za ku Kapata, ku Mchini ndi ku Navutika anakhoma malata ndi iwo. Sankamwa mowa, sankathamangira ntchito, ndipo m'mawa sankalola munthu kukwera mpaka dzuwa litaumitsa mame, chifukwa lata lonyowa silisankha kuti uyu ndi katswiri. Ankandiuza kuti ndiziyang'ana mzere wa misomali kuti ndidziwe pamene padutsa thabwa pansi pa lata. Zonse zimene munthu angaphunzire ndi maso ndi mapazi, iwo ankazidziwa.

Kontrakita wina anawatenga kukasintha malata a dzimbiri pa shedi yosungiramo chimanga cha kunjira ya ku Lundazi. Shedi inali yaitali kuposa nyumba ziwiri zosanjikizana, pansi pake simenti yokhayokha. Eni shedi anali atalamula kuti aliyense wokwera avale harness, ndipo kontrakita anabweretsadi zatsopano, zili m'mapulasitiki. Anthu anavala, foromani anajambula zithunzi, ntchito inayamba. Amalume atafika pamwamba anafunsa kuti ngowe ya lanyard, chingwe cholumikiza harness ndi pokolowekapo, aikoloweke pati, popeza panalibe chingwe chodutsa pamsonga pa denga, panalibe chitsulo, panalibe kanthu. Foromani anayankha ali pansi, aliyense akumva: "Amdala, zaka zonsezi mwakwera popanda zimenezi, lero mwayamba kuopa?" Anyamata anaseka. Amalume anatenga ngoweyo n'kuikoloweka pa lamba wa pachifuwa chawo kuti isamawakole miyendo, n'kupitiriza ntchito.

Pa denga limenelo panali malata apulasitiki olowetsa kuwala, aja oonekera. Fumbi la zaka zambiri linali litawakuta mpaka kufanana ndi malata enawo, ndipo dzuwa linali litawaumitsa. Amalume anabwerera m'mbuyo akukoka lata latsopano, phazi linatera pa pulasitiki. Ine ndinali pansi ndikupereka malata. Anagwera pa simenti atavala harness yatsopano, malamba onse atamangidwa bwino.

Ndinathamangira kumsewu kukaimitsa galimoto. Pobwera ndinapeza anthu awanyamula kale, wina manja wina miyendo, thupi litapindika pakati. Ankafuna kuthandiza, sindiwada. Koma kuchipatala anatiuza kuti fupa la msana lathyoka ndipo kanyamulidwe kotere kamatha kuwonjezera vuto. Munthu wogwa kuchokera pamwamba sakhazikidwa tsonga, sapatsidwa madzi, sapindidwa. Ngati palibe ambulansi ndipo muyenera kumunyamula, mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, ena amugoneke pa chitseko kapena pa thabwa lalikulu, mutu, khosi ndi msana zili mzere umodzi.

Amalume sanayendenso. Azakhali anayamba kugulitsa tomato ku Saturday Market, ana awiri analekeza sukulu panjira. Kontrakita anabwera ndi thumba la ufa ndi shuga, kenako foni yake inasiya kupezeka. Titapita kukafunsa za chipukuta misozi tinapeza kuti antchito ake sanawalembetse kulikonse. Ndipo chimene chinandipweteka kuposa zonse, kumudzi nkhani inasanduka ya ufiti. Akuti panali wina amene ankawachitira nsanje chifukwa anamanga nyumba ya malata. Abale anadana, ena mpaka lero sapatsana moni. Foromani amene anawachititsa manyazi pamaso pa anyamata, ndi kontrakita amene anagula zovala za pa chithunzi osaika pokolowekapo, palibe anawatchula pa milandu yonseyo. Ndikamva munthu akuti "inali nthawi yake" pa ngozi ya pa ntchito, mtima wanga umatentha, chifukwa mawu amenewo amamasula wolakwa ndipo amakonzera malo wina woti adzagwe mawa.

Lamulo silinasiye nkhaniyi m'manja mwa mwayi. Occupational Health and Safety Act ya 2010 inaika pa olemba ntchito udindo wopereka zida zodzitetezera ndi ndalama zawo, osadula pa malipiro a wantchito. Workers' Compensation Act ya 1999 inafuna kuti olemba ntchito alembetse ku Workers' Compensation Fund Control Board kuti wovulala pa ntchito athandizidwe. Koma pa pisiweki ya masiku atatu kuseri kwa mpanda wa munthu, ndani amabwera kudzaona? Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi akuzima maola ambiri pa tsiku, aliyense wokhala ndi kandalama anafuna sola. Anyamata amene dzulo ankakonza mafoni lero ali pa denga. Sindikuwanyoza, ntchito ndi yabwino ndipo ikudyetsa mabanja. Koma amaphunzitsidwa za inverter ndi mabatire, za denga palibe amawauza. Panel yaikulu ya mawati 550 imalemera makilogalamu oposa 25, ndipo mphepo ya mu July ndi August ikaiwomba ili m'manja mwako, imakutenga. Ndaonapo mnyamata akukwera makwerero panel ili pamutu, dzanja limodzi lokha likugwira. Ndaonanso wina akutembenuza chitsulo chachitali cha aluminiyamu pafupi ndi waya wa ZESCO wolowa m'nyumba. Panel imakwezedwa ndi chingwe munthu atafika kale pamwamba, ndipo waya wolowa m'nyumba umayang'anidwa usanaimike makwerero.

Za abwana ogula harness imodzi ya anthu anayi ndilibe mawu ofewa. Ngati pamwamba pali anthu atatu ndipo wavala ndi mmodzi, awiriwo asankhidwa kale. Kuika sola pa nyumba imodzi kumalipidwa ndalama zoti munthu angagulepo zida zoyenera pang'onopang'ono. Amene akukana sakusowa ndalama, waona kuti mnyamata akavulala kubwera wina Lolemba.

Chingwe cha m'chiuno

Akuluakulu ako akulakwitsa, ndipo uwauze mwaulemu koma usawamvere. Munthu akagwa n'kuimitsidwa mwadzidzidzi ndi chingwe cha m'chiuno, mphamvu yonse imathera pamimba ndi pamsana. Chingwe chimatha kukwera mpaka m'nthiti n'kumutseka mpweya, kapena munthu amazondoka mutu pansi n'kupulumukamo. Ku America analeka kuvomereza lamba wa m'chiuno ngati chogwira munthu wakugwa kuyambira pa 1 January 1998, pa zifukwa zomwezi. Harness ya thupi lonse imagawa mphamvuyo ku ntchafu, m'matako ndi pachifuwa, ndipo imakusiya uli chilili. Ngowe imakolowekedwa pa mphete yachitsulo ya kumsana, pakati pa mapewa. Mphete za m'mbali mwa chiuno ndi zotsamira pogwira ntchito pa pholo, si zogwira munthu wakugwa.

Kachikwama kamene kali pa lanyard, shock absorber, kali ndi lamba wosokedwa mopinda amene amang'ambika pang'onopang'ono munthu akagwa, kuti mphamvu yofika pathupi isapitirire 6 kN, pafupifupi kulemera kwa makilogalamu 600. Chingwe chabuluu cha pamsika chilibe zimenezi, ndipo mfundo iliyonse imene wamanga imachichepetsa mphamvu. Ena amadula kachikwamako poganiza kuti lanyard italike. Akatero aiwononga.

Kuwerenga mamita

Apa ndi pamene anthu ambiri, ngakhale ogula zida zodula, amanamizika. Lanyard imatalika mpaka mamita 2. Shock absorber ikang'ambika imatha kuwonjezera mpaka 1.75. Kuchokera pa mphete ya kumsana kufika kumapazi, pamodzi ndi kutamuka kwa harness, werengera mamita 2. Onjezera mita imodzi yoti mapazi asakhudze pansi. Zonse pamodzi ndi mamita 6.75 kuchokera pamene wakoloweka. Tsono yang'ana nyumba za ku Katete kapena kuno ku Chipata: m'mphepete mwa denga ndi pafupifupi mamita 3 kuchokera pansi. Ukaterereka pa nyumba yotere ndi lanyard imeneyo, ufika pansi isanayambe n'komwe kukugwira. Ndipo usapeputse mamita 3. Kugwa kwake sikukwana sekondi, umafika pa liwiro la makilomita 27 pa ola, nthawi zambiri pa sitepe kapena pa njerwa zotsala pomanga.

Choncho pa nyumba yosasanjikiza, ntchito ya harness ndi kukuletsa kufika m'mphepete, osadikira kuti ugwe kaye. Chingwe chifupikitsidwe moti ngakhale utafuna, sungafike pothera malata. Ichi ndi chimene ndikanakonda aliyense woika masola ku Eastern Province atachimva, kuposa china chilichonse chimene ndalemba pano.

Ndiye pokolowekapo. Miyezo ya ku Ulaya imafuna kuti pakhale potha kupirira 12 kN, kuposa makilogalamu 1,200, ndipo ya ku America imati kulemera kwa mapaundi 5,000, pafupifupi makilogalamu 2,270, pa munthu mmodzi. Ine ndimauza anyamata anga kuti adzifunse ngati angapachikepo Corolla. Gatala, paipi ya giza, chitsulo cha dishi ya TV, njanji ya sola imene wangoimanga kumene, kathabwa kamodzi kokhomedwa ndi misomali iwiri, zonsezi zimalephera funso limeneli. Matabwa ambiri a m'nyumba zathu ndi opyapyala, ena chiswe chinawadya kale m'kati. Chimene timachita pa nyumba zing'onozing'ono ndi kuponya chingwe chenicheni chokwerera kudutsa pamsonga pa denga n'kuchimanga ku mtengo waukulu wamoyo kapena chipilala cha konkire mbali inayo, n'kuika chidutswa cha paipi kapena thaya pamene chingwe chikukhudza lata kuti lisachidule. Chimakuteteza mbali imodzi yokha, yotsutsana ndi kumene wamanga. Ukawoloka msonga, uyambe wasamutsa chingwe. Usapitenso kutali cham'mbali, chifukwa ukaterereka uli pakona chingwe chimakuzunguza n'kukumenyetsa kukhoma. Pa denga la asibesitosi, la dzimbiri kapena lokhala ndi malata oonekera, yala matabwa oyendapo ndipo uyambe walowa m'nyumba kuona denga cham'kati, kuti udziwe pamene pali pofooka.

Ndikudziwa kuti zimenezi zimadya nthawi, ndipo mwini nyumba amakhala ali pansi akufunsa kuti magetsi ayaka liti. Amene amafulumizitsa munthu ali pa denga ndimamuuza kuti akwere yekha. Dzuwa la mu October nalonso silochezera, malata amatentha mpaka kudutsa nsapato ndipo mutu umayamba kuzungulira. Kwerani mame atauma, tsikani masana, ndipo amene anagona ku mowa asakwere tsiku limenelo ngakhale akhale mkulu wa gulu.

Za harness yakoyo, mphwanga. Ya pa salaula vuto lake n'lakuti sudziwa mbiri yake, ndipo harness imene inagwirapo munthu wakugwa imatayidwa ngakhale ikuoneka yabwino. Funa kachikwangwani kosokedwa m'kati: pakhale dzina la kampani, tsiku lopangidwa ndi nambala ya muyezo wa ku Ulaya, EN 361, ndipo pa shock absorber pakhale EN 355. Ngati kachikwangwani palibe kapena sikakuwerengeka, usaidalire. Pinda lamba aliyense m'manja uone ngati wadulika, wauma, wapsa ndi moto wowotcherera, kapena wadyedwa ndi simenti, penti ndi asidi wa batire. Ulusi wa posoka ukhale wathunthu, kachikwama kakhale kosang'ambika, ngowe izitsekeka yokha. Chita zimenezi tsiku lililonse usanavale. Povala chotsa zonse m'matumba, manga malamba a m'ntchafu moti dzanja lotambasula lilowe koma chibakera chisalowe, ndipo chipewa cholimba chikhale ndi lamba wa pachibwano. Makwerero aime mita imodzi kutali ndi khoma pa mamita 4 alionse okwera, apitirire denga ndi mita imodzi, amangidwe pamwamba.

Usakwere uli wekha pa malo. Munthu wolendewera mu harness magazi amaunjikana m'miyendo ndipo amatha kukomoka m'mphindi zochepa, choncho musanayambe mugwirizane kuti wina akalendewera mumutsitsa bwanji, makwerero achiwiri akhale pafupi. Abwana ako uwauze za mamita 6.75 aja, uwapemphe chingwe choyenera ndi harness ya aliyense wokwera, uwafunsenso ngati anakulembetsani ku Workers' Compensation. Akakana zonse, iwe gwira za pansi, za mawaya ndi mabatire, uku ukufunafuna gulu lina. Unditumizire chithunzi cha kachikwangwani ka harness imeneyo ndi cha denga limene mukupitako sabata ya mawa, tione pamodzi pamene mungamange chingwe.